Kwa akuluakulu oyendetsa mpira: wosewera saiwalika yekha

Kwa atsogoleri a mabungwe a mpira wamiyendo, eni matimu, oyendetsa maligi ndi inu nonse amene mumagawa mphoto,

Tikukulemberani ife amene timagwira ntchito yophunzitsa osewera, yosaka luso m'mabwalo ndi yosunga ziwerengero za masewero. Nkhani yathu ndi ya anyamata ndi atsikana aluso amene amapeputsidwa akadali m'bwalo, kenako n'kuiwalika akangosiya kusewera. Tikafunsa mumati ndi tsoka, mpira ndi momwemo, si onse angatchuke. N'zoona, si onse angatchuke. Koma wosewera saiwalika yekha. Pamakhala wina amene sanalembe, wina amene sanajambule, wina amene anawerenga zosayenera kuwerenga, ndi wina amene anavota asanaonere. Onsewa amamvera inu.

Mu 2012 Lionel Messi anagoletsa zigoli 91 m'chaka chimodzi, kuposa 85 zimene Gerd Müller anagoletsa mu 1972. Anthu ali mkati mowomba m'manja, bungwe la mpira la ku Zambia linakumbutsa dziko kuti mu 1972 momwemo Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anagoletsa 107. FIFA inayankha kuti siisunga ziwerengero za mipikisano ya m'maiko, choncho singatsimikize. Mwiniwake sakanadzilankhulira, poti anamwalira mu 1993 pa ngozi ya ndege ya timu ya dziko la Zambia imene inagwera m'nyanja kufupi ndi Gabon. Chigoli chilichonse cha Müller chili ndi tsiku lake, timu imene inachinyidwa, ngakhale mphindi yake. Za Chitalu anthu anachita kuzifukula m'nyuzipepala zakale patadutsa zaka 40. Amene anasiyanitsa anthu awiriwa ndi alembi a mu ofesi.

Ndiye tiyambire pa pepala la masewero, lija oyimbira amasayina akamaliza. Ambiri mumaliona ngati la kuchotsera mlandu timu ikadandaula, pamene ndi lokhalo limene lidzatsale osewerawo atakalamba. Pepala loyenera likhale ndi tsiku, bwalo, mpikisano, dzina lonse la wosewera aliyense monga lilili pa chiphaso chake, tsiku lake lobadwa, nambala ya jezi, malo amene wasewera, mphindi imene walowa kapena kutuluka, mphindi ya chigoli chilichonse, amene wagoletsa ndi amene wamupatsira, makhadi onse, ndi maina a oyimbira. Lijambulidwe lisanachoke pa bwalo, chithunzicho chifike ku ofesi ya ligi pasanathe maola 24, ndipo chisungidwe malo awiri osiyana.

Zimene zimalakwika n'zodziwika. Mlembi amalemba dzina la pa bwalo m'malo mwa dzina lenileni, wina n'kulemba dzina lomwelo ndi zilembo zina, mapeto ake munthu mmodzi amasanduka anthu atatu m'kaundula, aliyense ndi zigoli zake zochepa. Mphindi zosinthira osewera zimasiyidwa, ndiye simungadziwe ngati mnyamata amene wagoletsa 6 anasewera masewero 20 athunthu kapena ankangolowa kwatsala mphindi khumi. Danga la wopatsira limakhala lopanda kanthu chaka chonse. Choipa kwambiri, mapepalawo amakhala m'chikwama cha mlembi wa timu, ndipo komiti ikasintha amapita nawo. Mankhwala a vuto la maina alipo kale: nambala imodzi ya wosewera, imene FIFA imapereka kudzera mu FIFA Connect, yoti aziyenda nayo kuchokera ku timu ya ana mpaka atasiya mpira.

Ngati mbiri siikukhudzani, mwina ndalama zikukhudzani. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina kontirakiti yake isanathe, 5 peresenti ya mtengowo igawidwe kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira chaka chimene anakwanitsa zaka 12 mpaka 23. Wogulitsidwa pa mayuro 10 miliyoni ndiye kuti wasiyira matimu amenewo mayuro 500,000. Kuyambira 2022 ndalamazi zimadutsa ku FIFA Clearing House, ofesi yogawa ndalama zoterezi, ndipo kumeneko amayang'ana kaundula basi. Timu imene inamulera zaka zinayi osamulembetsa siipeza kanthu, ndipo dzina lake silipezekanso m'mbiri ya mwanayo.

Tsopano za zimene mumawerenga. Mphoto ya Ballon d'Or, ya wosewera woposa onse pa chaka, inayamba mu 1956, ndipo goloboyi amene anaitengapo ndi mmodzi yekha, Lev Yashin, mu 1963. Otchinga kumbuyo ndi atatu: Franz Beckenbauer kawiri, Matthias Sammer mu 1996 ndi Fabio Cannavaro mu 2006. Pa anthu 11 amene amalowa m'bwalo, asanu kapena asanu ndi mmodzi ntchito yawo yaikulu ndi kuletsa zigoli. Kodi zaka zonsezi mwa iwowa munalibe akatswiri? Analimo. Kungoti chigoli chimawerengeka mosavuta, pamene chigoli chimene chalephereka sichioneka paliponse.

Pa mphindi 90, wosewera mmodzi mpira umakhala kumapazi kwake mphindi ziwiri kapena zitatu. Zotsalazo ndi zimene zimasiyanitsa dolo ndi wothamanga chabe, koma kamera ya wailesi yakanema imatsata mpira. Tsiku lina mudzasiye mpirawo, mudzayang'ane wapakati amene amakhala kutsogolo kwa otchinga kumbuyo. Mnzake wa kumbali akangokwera, iye amasuntha mapazi asanu kukatseka mpata umene watsala. Saima chafufumimba, amaima chammbali kuti aziona mpira ndi munthu wake nthawi imodzi. Mpira usanafike kwa iye amakhala atacheuka kale kawiri. Adani akaulanda sathamangira amene waugwira. Amaima pakati pa iyeyo ndi womwetsa zigoli wawo, mpaka wogwira mpirayo aone kuti njira yatsekeka, abweze kumbuyo. Pamenepo wapulumutsa timu, koma sanakhudze mpira, sanagwetse munthu, ndipo pa pepala la ziwerengero palibe chimene chalembedwa. Ochemerera akupita kwawo akunena kuti lero uja sanaoneke.

Real Madrid inaphunzira zimenezi mowawa. Mu 2003, itangotenga ligi, inagulitsa Claude Makélélé ku Chelsea, chaka chomwe inagula David Beckham. Inakhala osatenganso ligi mpaka 2007, ngakhale inali ndi osewera a maina akuluakulu. Chelsea, ili ndi Makélélé pakati, inatenga ligi ya ku England mu 2005 itachinyidwa zigoli 15 zokha pa masewero 38, n'kuitenganso mu 2006.

Ena a inu mwayamba kugula ziwerengero, ndipo n'zabwino, koma nambala yosaimvetsa imapeputsa wosewera kuposa diso. Kuchuluka kwa kulanda mpira mogwa pansi si umboni wa luso: nthawi zambiri wogwa pansi ndi amene anachedwa kuima pamalo oyenera. Wotchinga wa timu imene imakhala ndi mpira nthawi yaitali amalanda kochepa chifukwa palibe choti alande, choncho nambala yake iyerekezedwe ndi nthawi imene adani anali ndi mpira. Wapakati amene mipira 95 pa 100 iliyonse imafika kwa mnzake akhoza kukhala wamantha amene amangopatsira chammbali. Werengani mipira imene yadutsa mzere wa adani. Wopatsira amalembedwa pokhapokha mnzake wagoletsa, ndiye amene akusewera ndi womwetsa wophonyaphonya amaoneka ngati sachita kanthu. Werengani mipata imene wapanga, kaya yalowa kaya ayi. Goloboyi wa timu yofooka akhoza kuchinyidwa 40 ali wabwino kuposa wa timu yamphamvu amene wachinyidwa 18, chifukwa kutuluka osachinyidwa ndi ntchito ya timu yonse. Onani mipira imene inalunjika pagolo lake, inachokera pati, ndipo anagwira ingati. Zonsezi ziwerengedwe pa mphindi 90 zilizonse zimene munthu wasewera, ndipo musaweruze amene sanafike mphindi 900, omwe ndi masewero 10 athunthu. Pansi pa pamenepo tsiku limodzi labwino limasokoneza chithunzi chonse.

Za kujambula sizifuna chuma chambiri, zimafuna lamulo. Masewero aliwonse a ligi, ngakhale ya pansi, ajambulidwe ndi kamera imodzi yoikidwa pamwamba, pa mzere wapakati, dzuwa lili kumsana kwa wojambula, yotenga osewera ambiri nthawi imodzi osati kukokera pa amene ali ndi mpira. Ijambule kuyambira wezulo woyamba mpaka womaliza osadula. Fayilo ilembedwe tsiku ndi maina a matimu, isungidwe ku ligi ndi ku timu. Zimene timaziona m'malo mwake ndi munthu ataima pansi pafupi ndi mzere, kumene mitu ya osewera imaphimbana, akujambula pa foni imene mawa lake afufutamo kuti apeze malo. Zimene zimapulumuka ndi timphindi titatu ta zigoli ndi njomba toikidwa pa Facebook. Timphindi timeneto timagulitsa wodyetsa njomba ngakhale atataya mpira kakhumi tsikulo, ndipo wapakati tamutchula uja mulibemo n'komwe. Osaka luso anu aziuzidwa kuti asapereke lipoti asanaonere masewero athunthu osachepera anayi: pakhomo, koyenda, tsiku limene timu ikugonja, ndi masewero otsatira tsiku limene wosewerayo analakwitsa.

Pali china chimene wosewera sasankha, dziko lobadwira. Mpaka 1994 Ballon d'Or inali ya nzika za ku Ulaya zokha, n'chifukwa chake Pelé ndi Diego Maradona sanaitengepo akusewera. Chitseko chitangotsegulidwa pang'ono mu 1995, George Weah wa ku Liberia analowa chaka chomwecho. Chikho cha dziko lonse, chimene ndicho chimadziwitsa wosewera kwa anthu onse, Africa inkapitako ndi timu imodzi kuyambira 1970 mpaka 1978, ziwiri kuyambira 1982 mpaka 1990, zitatu mu 1994, zisanu kuyambira 1998 mpaka 2022, kupatula 2010 pamene zinali zisanu ndi imodzi. Weah sanasewereko. Abedi Pele, amene anakhala katswiri wa Africa zaka zitatu zotsatizana kuyambira 1991, sanasewereko. Kalusha Bwalya, amene anachinya Italy zigoli zitatu yekha pa Olympics ya 1988, sanasewereko. Nanga Mohamed Aboutrika wa ku Egypt? Anatenga chikho cha matimu a mu Africa kasanu ndi Al Ahly, chikho cha maiko a mu Africa mu 2006 ndi 2008, ndipo chigoli chimene chinagonjetsa Cameroon mu ndime yomaliza ya 2008 chinali chake. Mphoto yaikulu ya CAF, bungwe la mpira la mu Africa, chaka chimenecho inapita kwa Emmanuel Adebayor wa Arsenal. Adebayor anali ndi chaka chabwino, sitikumulanda. Koma ovota ambiri ankamuonera sabata iliyonse pa kanema, pamene Aboutrika, amene sanasewerepo ku Ulaya, ankamuona mwa apo ndi apo.

Pa kavotedwe tikupempha zinthu zochepa. Wovota aliyense asonyeze kuti anaonera masewero angati a mpikisano umene akuvotera. Mavoti asindikizidwe ndi maina a ovota, kuti wovotera mnzake kapena wa timu yake achite manyazi. Mfundo zizisonkhanitsidwa mwezi ndi mwezi, chifukwa voti ya kumapeto kwa chaka imakumbukira masabata anayi omaliza okha. Ndipo pakhale mphoto ya malo aliwonse yofanana kulemera kwake, osati ya goloboyi yongopereka pothamangira kukafika pa ya womwetsa zigoli. Wosewera wofatsa, wosadziwa kudzigulitsa kwa atolankhani, asamalangidwe chifukwa cha khalidwe lake. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma ntchito ya wogawa mphoto ndi kufika kuunako.

Ambiri mwa oiwalika simunawamvepo n'komwe, chifukwa anatayidwa ali ana. Mipikisano ya achinyamata ya FIFA imadula zaka pa 1 Januwale. Mwana wobadwa mu Januwale ndi wobadwa mu Disembala chaka chomwecho amapikisana gulu limodzi, kusiyana kwawo kuli miyezi 11. Pa zaka 13 miyezi imeneyo ndi msinkhu, liwiro ndi mphamvu, ndipo mukaonjezera kuti ana satha msinkhu nthawi imodzi, wina amaoneka bambo pamene mnzake akadali kamwana. Wosankha wa tsiku limodzi amatenga wamkuluyo. Wotengedwayo amapeza mphunzitsi wabwino, masewero ambiri ndi chidaliro, ndiye pakatha zaka zitatu amakhaladi wabwino kuposa mnzake, wosankha uja n'kumati ndinaona bwino. Wamng'ono uja, amene anaphunzira kuganiza msanga chifukwa analibe thupi loti n'kukankhira anthu, anasiya mpira kalekale. N'Golo Kanté, wa msinkhu wa mamita 1.68, ali ndi zaka 19 anali akusewerabe timu yaing'ono ya Suresnes. Mu 2016 anatenga ligi ndi Leicester City, mu 2017 ndi Chelsea, mu 2018 chikho cha dziko lonse ndi France. Jamie Vardy anachotsedwa ku Sheffield Wednesday ali ndi zaka 16, anafika mu Premier League ali ndi 27, ndipo anakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligiyo ali ndi 33. Awiriwa anabwerera. Anzawo amene sanabwerere palibe anawawerenga.

Yesani izi sabata ino. Tengani kaundula wa timu yanu ya ana, mugawe miyezi yobadwa m'magulu anayi a miyezi itatuitatu, muwerenge. Mukapeza kuti gulu loyamba likuposa lomaliza kawiri, dziwani kuti mukusankha kalendala. Pa mayeso, manambala a jezi aperekedwe motsata kubadwa, wamkulu 1 mpaka wamng'ono, kuti wosankha azidziwa amene akumuona. Ana ayezedwe msinkhu ndi sikelo miyezi itatu iliyonse. Amene akukula mofulumira amasokonekera miyendo kwa kanthawi ndipo amadandaula mawondo ndi zidendene, imeneyo si nthawi yomuweruza. Nthawi zina aseweretseni potsata kukhwima kwa thupi m'malo mwa zaka, wamkulu thupi akumane ndi ofanana naye, muone ngati ali ndi china choposa mphamvu. Aliyense wochotsedwa aitanidwenso pakatha miyezi 12. Ndipo lekani kutsinzinira zonama zaka. Wa zaka 21 akalembedwa 16 amalanda malo a mwana weniweni, iyenso n'kuzimirira msanga chifukwa anthu amayembekezera kuti akula pamene anafika kale pamapeto. FIFA inayamba kuunika mafupa a pamkono ndi makina a MRI pa mpikisano wa osapitirira zaka 17 mu 2009, koma chotchinga chenicheni ndi kaundula amene mwana analowamo ali ndi zaka 10.

Za aphunzitsi tingodutsapo. Kevin De Bruyne anasewera masewero atatu okha a ligi ku Chelsea asanagulitsidwe ku Wolfsburg mu 2014. Mohamed Salah anasewera 13 ku timu yomweyo, n'kudzagoletsa zigoli 32 m'chaka chimodzi mu ligi yomweyo ndi Liverpool. Andrea Pirlo anadzadziwika Carlo Mazzone atamubwezera kumbuyo pakati ku Brescia mu 2001. Musanalembe kuti wosewera walephera, lembani malo amene anamuika, mphindi zimene anapatsidwa, ndi ngati anasewerapo masewero asanu otsatizana. Mukamubwereketsa ku timu ina, mgwirizano unene za mphindi zosewera, apo ayi mwangosamutsa benchi.

Ena amakumbukiridwa, koma ndi tsiku lawo loipa lokha. Moacir Barbosa anali goloboyi wa Vasco da Gama amene anatenga chikho cha South America ndi Brazil mu 1949. Chaka chotsatira Uruguay inagonjetsa Brazil 2-1 pa bwalo la Maracanã m'masewero omaliza a chikho cha dziko lonse, ndipo mpaka imfa yake mu 2000 anthu ankamudziwa ndi chigoli chachiwiri chija. Ndaye Mulamba wa Zaire (lero DR Congo) anagoletsa zigoli 9 pa chikho cha maiko a mu Africa cha 1974, chiwerengero chimene palibe wachifikira pa mpikisano umodzi. Ndime yomaliza ndi Zambia inatha 2-2, yobwereza 2-0, ndipo zinayi zonse za Zaire zinali zake. Komabe dziko limakumbukira timu imeneyo ndi 9-0 imene inalandira kwa Yugoslavia pa chikho cha dziko lonse miyezi ingapo pambuyo pake. Mu 1998, pa chikho cha maiko a mu Africa ku Burkina Faso, anthu anakhala chete mphindi imodzi kumulira Ndaye atamva kuti wamwalira, chonsecho munthuyo ali moyo, akuvutika ku South Africa. Anadzamwalira mu 2019. Oyendetsa mpira wa kontinenti yonse analibe njira yodziwira ngati katswiri wawo ali moyo.

Amayi ndiye munachita kuwafufuta ndi lamulo. Pa 26 Disembala 1920 anthu 53,000 anadzaza Goodison Park kudzaonera timu ya amayi ya Dick, Kerr Ladies. Chaka chotsatira bungwe la mpira la ku England linaletsa amayi kusewera m'mabwalo a matimu ake, chiletso chimene chinakhala mpaka 1971. Ku Brazil lamulo linawaletsa kuyambira 1941 mpaka 1979. Chikho cha dziko lonse cha amayi cha FIFA chinayamba mu 1991, Ballon d'Or yawo mu 2018. Amene anasewera zaka zapakatizo ambiri sanalembedwe paliponse, ndipo mpaka lero m'maligi ambiri pepala la masewero a amayi ndi limene limayamba kusowa.

Pempho lathu lomaliza ndi lofulumira kuposa onse, chifukwa mboni zikutha. Bungwe lililonse likhale ndi munthu mmodzi wolembedwa ntchito ya zakale, osati wongodzipereka. Ayambe ndi kaundula wa onse amene anavalapo jezi ya dziko, amuna ndi akazi: ali kuti, ali moyo wotani, angapezeke bwanji, ndipo kaundulayo aziunikidwa chaka ndi chaka. Kenako ayendere akuluakulu kuyambira wokalamba kwambiri, ndi chojambulira mawu, kwa ola limodzi kapena awiri aliyense. Asawafunse za zigoli zawo zokha. Awafunse amene ankawaopa m'bwalo, amene ankawapatsira, amene anali wabwino kuposa onse koma sanapite patali, chifukwa maina otayika amatuluka pa mafunso amenewo. Chilichonse chonenedwa chiyerekezedwe ndi mboni yachiwiri komanso nyuzipepala ya sabata imeneyo, popeza okalamba amasakaniza zaka ndi mipikisano. Zithunzi zimene mabanja akusunga zibwerekedwe, zikopedwe pa kompyuta, zibwezedwe kwa eni ake, ndipo mwini chithunzi atchule aliyense amene ali pamenepo kuchokera kumanzere kupita kumanja, woima ndi wogwada, wolembayo akulemba pomwepo.

Ndife,
Aphunzitsi, osaka luso ndi osunga ziwerengero za mpira